Mvula ya pa foni tiziitsimikizira ndi choyezera cha pamunda

Alimi ambiri kuno ku Kasungu ayamba kudalira malipoti a mvula obwera pa foni, ndipo ena mwa malipotiwa amachokera ku masetilaiti. Si kulakwa, koma ndi bwino kudziwa mmene manambalawo amapezekera.

Mu February 2014, mabungwe a NASA a ku America ndi JAXA a ku Japan anatumiza mlengalenga setilaiti yoyeza mvula yotchedwa GPM, yomwe ili ndi makina a radar. Makinawa amaponya mafunde m'mitambo kuchokera pa mtunda woposa makilomita 400, kenako amayeza mafunde obwerera akagunda madontho. Vuto ndi lakuti pafupi ndi nthaka, mafunde obwerera kuchokera ku mapiri ndi m'dothi amasokoneza zonse, choncho setilaiti siona bwino mvula yomwe yafikadi pansi. Ichi n'chifukwa chake akatswiri amayerekezera zomwe setilaiti yaona ndi zomwe ma radar a pansi, monga a ku America, aona pa mtambo womwewo nthawi yomweyo, ndipo ma radar a pansiwo nawonso amawatsimikizira ndi zoyezera mvula.

Ngati eni ake a makinawo sakhulupirira asanatsimikize, ifenso tisabzale chifukwa cha nambala ya pa foni yokha. M'mwezi wa October ndi November, mtambo umatha kuoneka wolemera koma madontho ena n'kuuma asanafike pansi chifukwa cha kutentha. Komanso nambala imodzi imaimira dera la makilomita angapo, pomwe tonse tikudziwa kuti chizimalupsa chimatha kunyowetsa Santhe, Chamama n'kukhala fumbi lokhalokha.

Kalabu iliyonse ikhale ndi choyezera mvula. Chiimikeni chowongoka pamtetete, kutali ndi mtengo kapena chigafa mtunda wosachepera kuwirikiza kawiri msinkhu wa chinthucho, ndipo muchitchingire kuti mbuzi ndi ana asachigwetse. Werengani 8 koloko m'mawa uliwonse, diso lili molingana ndi madzi, lembani m'kope, kenako khuthulani. Tsiku lomwe sikunagwe mvula lembani 0, osasiya mpata, chifukwa masiku a ng'amba ndi amene amapha mbewu ikangomera. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi.

Musanabzale chimanga kapena kuwokera fodya, kumbani ndi khasu pamzere muone pomwe chinyezi chafika, ndipo mwezi ukatha mupereke kopelo kwa mlangizi wa dera lanu kuti manambala anu ayerekezedwe ndi a nthambi yoona zanyengo.