Momwe mungayendere ulendo wa ku Dziwe la Nkhalamba n'kubwerako bwinobwino

Dziwe la Nkhalamba lili pamtsinje wa Likhubula, mmunsi mwa mathithi, chakumadzulo kwa phiri la Mulanje. Uwu si ulendo wa ku Sapitwa wogona m'tinyumba ta paphiri kuti mukafike pa mamita 3,002. Munthu wamphamvu zake amapita m'mawa, kusamba, n'kubwerera dzuwa likadalipo. Kukwera sikuvuta kwenikweni. Chofunika maso ndi madzi.

Yambani ndi kusankha mwezi. Kuyambira May mpaka October njira imakhala youma. Mu June ndi July chiperoni chimatha kugwa mosayembekezereka, chifunga n'kuphimba phiri lonse, madzi nawo n'kumaluma ngati singano. Wofuna kusamba asankhe September kapena October. Kuyambira December mpaka March mathithi amakongola zedi, koma imeneyo ndi nyengo yoonera patali. Ndipo ngati munapitako kalekale, musadalire zomwe mukukumbukira, chifukwa namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula nthaka ndi kusuntha miyala m'mitsinje yambiri ya paphirili.

Kuchokera ku Limbe kwerani minibasi ya ku Mulanje, mutsike pa Chitakale. Pamenepo tengani msewu wa ku Phalombe, makilomita pafupifupi 10 kukafika pa Likhubula. Akabaza ali mbwee, koma mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo munene kuti akakusiyeni ku ofesi ya zankhalango osati pamsewu, apo ayi mtunda wotsalawo mukwera wapansi.

Pa ofesiyo lembetsani dzina, lipirani ndalama yolowera, mutenge lisiti. Woperekeza mumutengenso pomwepo, chifukwa a pamenepo ali m'bungwe ndipo amadziwika mayina. Anyamata ena amakutchingirani musanafike n'komwe, akuti "bwana, ine ndikuchitirani motchipa". Njira atha kuidziwa, koma zikavuta palibe amene angamufunse, ndipo mtengo uja umakwera mukafika pakati pa tchire. Mitengo imasinthasintha ndi kugwa kwa kwacha, choncho funsani ya tsikulo, mumalize zokambirana musanaponde njira. Ogulitsa timabokosi ta mkungudza nawonso asakunyengeni ndi fungo lake. Mtengowu ndi wa fuko lathu, watsala pang'ono kutha paphiri, ndipo kuugula n'kutuma wina kukadula wina.

M'chikwama muikemo madzi akumwa malita 2 pa munthu, nthochi kapena mbatata yootcha, juzi, chopukutira, chingwe cholimba cha mamita 10 kapena kuposa, ndi jumbo yokulungamo foni. Kuphazi valani nsapato za raba zamizeremizere kunsi. Patapata amaduka pamtunda woyamba.

Nyamukani isanakwane 8 koloko. Ndi ulendo wa ola limodzi, kapena ola ndi theka ngati muli ndi ana. Kumunsi mumadutsa m'mitengo ya miombo, kenako mukayandikira mtsinje mitengo imathithikana, mpweya n'kuzizira, phokoso la madzi n'kuyamba kumveka musanawaone. Musamagwire ziyangoyango mwachisawawa, chitedze chilipo.

Tsopano padziwe penipeni, pomwe anthu ataya miyoyo kangapo, ambiri mwa iwo achinyamata obwera pagulu. Mukafika musavule malaya nthawi yomweyo. Khalani pansi mphindi 15, thukuta liume, mukuyang'ana madzi. Thupi lotentha likagwera mwadzidzidzi m'madzi ozizira, munthu amakoka mpweya mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi amakoka madziwo. Kenako manja ndi miyendo zimauma. Izi zimagwira ngakhale amene anakulira kunyanja, chifukwa madzi a ku Mangochi ndi ofunda pamene awa atsika kumene paphiri. Lowani pang'onopang'ono kuchokera kosaya, munyowetse nkhope ndi pakhosi, mudikire mpaka kupuma kukhazikike.

Kumene mathithi akugwera musayandikireko. Madzi oyera a thovuwo ndi osakanikirana ndi mpweya, ndiye sanyamula thupi ngati madzi wamba. Komanso amazungulira: pamwamba amakukokerani kumathithi, pansi amakukankhirani kunja, n'kukubwezaninso. Mukapezeka mwalowamo, kulimbana kuti mutulukire pamwamba kumangokuthetsani mphamvu. Tsikani ndi madziwo, apansi akutulutseni, ndiye muyandame muli kutali ndi thovu.

Zodumpha kuchokera pathanthwe zisiyeni, ngakhale muone ana a m'deralo akuchita. Madzi ake ndi oyera moti amanamiza diso. Pamene pakuoneka posaya pamakhala pakuya, ndipo mwala umene kunalibe chaka chatha mvula itha kukhala itaubweretsa. Matanthwe a m'mbali nawo, paliponse pakuda kapena pobiriwira pali ndere. Pondani poyera ndi pouma, potsika khalani pansi muzikhwekhwereza. Ambiri amaterereka pojambulitsa, atafulatira madzi.

Kusefukira ndiko kumabwera mwakachetechete. Pamwamba pa phiri ndi matanthwe ochuluka osamwa madzi, ndiye mvula ikagwa kumeneko yonse imathamangira m'zigwa, inu kuno kuli dzuwa phwee. Muziyang'ana nsonga za phiri. Mitambo yakuda ikaunjikana, tulukani. Madzi akayamba kuda, masamba ndi tizitsotso tikayamba kuyandama, kapena phokoso la mathithi likakula mwadzidzidzi, musatole n'komwe zovala, kwerani kumtunda mbali imene kuli njira yobwerera. Mwala woika chizindikiro umathandiza: sankhani umodzi m'mphepete pofika, madzi akaumiza ndiye kuti mtsinje wayamba kukwera.

Pagulu pakhale munthu mmodzi wosalowa m'madzi, ntchito yake kuwerenga mitu. Wina akayamba kumira, musamulumphire, adzakukanirirani pakhosi mumire nonse. Mponyereni chingwe chija, nthambi yaitali kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Mukamutulutsa asakupuma, muuzireni mpweya m'kamwa kasanu, kenako muzisindikiza pachifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwerezabwereza. Ngakhale atsitsimuke n'kumaseka, apite kuchipatala cha boma ku Mulanje tsiku lomwelo, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuvuta patapita maola. Mowa usungeni mpaka mutatsika.

Akuluakulu a m'deralo amati padziwepa pamaoneka nkhalamba, ndipo malowa amawalemekeza ngati a mizimu. Woperekeza akakuuzani kuti apa ayi, mverani, kaya mumakhulupirira kaya ayi.

Pobwerera nyamukani isanakwane 3 koloko, potsika ndi pamene mawondo amanjenjemera. Tolani mabotolo ndi majumbo anu onse, anyani musawapatse chakudya, ndipo mukadutsenso ku ofesi kukanena kuti mwatuluka. Minibasi za ku Limbe zimayamba kusowa pa Chitakale kukamada.