Mmene mungakonzekerere colonoscopy kuti dokotala aone zonse

Khansa ya m'matumbo aakulu nthawi zambiri imayambira pa kanyama komera m'kati mwa thumbo, kamene madokotala amati polyp, ndipo pamatha kupita zaka pafupifupi 10 kasanasanduke khansa. Pa colonoscopy dokotala amalowetsa kapaipi ka kamera kudzera kotulukira chimbudzi, n'kudula tinyamato pompopompo. Koma kamera singaone kanthu kokwiririka ndi chimbudzi, ndiye ntchito yaikulu imayambira kunyumba kwanu.

Kukatsala mlungu umodzi, muuzeni dokotala mankhwala onse amene mukumwa, makamaka oletsa magazi kuundana, a shuga ndi mapiritsi a iron. Musawasiye mwa nokha, iyeyo ndiye anene.

Kukatsala masiku atatu, siyani nyemba, mtedza, masamba ndi zipatso za njere. Tsiku lomaliza ndi la zamadzimadzi zokhazokha, zoti mukathira m'kapu muziona pansi pake. Zofiira ayi, poti pa kamera zimafanana ndi magazi.

Kenako mankhwala otsuka m'mimba, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa ulesi. Sakoma, komanso ngochuluka. Agaweni pawiri: theka madzulo, theka lina kukatsala maola 4 mpaka 6 kuti akuunikeni, ndipo mumalize pasanatsale maola awiri. Akazizira mufiriji amamweka bwinoko. Usiku umenewo tulo muiwaleko, mukhala mukuthamangira kuchimbudzi. Mwakonzeka pamene zotuluka zili madzi achikasu ngati mkodzo, opanda zinyenyeswa. Ngati zikadali zabii, auzeni anamwino musanalowe. Manyazi apa angokubwezeretsani kudzayambiranso.

Dokotala nayenso mufunseni, si chipongwe. Kodi mwa anthu amene amawaunika, ndi angati amawapeza ndi tinyamati? Kafukufuku wa mu 2014 ku America anaonetsa kuti odwala a madokotala opeza tinyama tambiri sadwala khansayi kawirikawiri pambuyo pake. Mukadzuka atamaliza kukuunikani, funsani ngati kamera inafika kumayambiriro kwenikweni kwa thumbo lalikulu, ndiponso inatenga nthawi yotani potuluka. Kuyang'anitsitsa kumachitika potulukapo, ndipo sikuyenera kuchepera mphindi 6.

Bwerani ndi munthu woti akuperekezeni kunyumba, chifukwa mankhwala ogonetsa sakulolani kuyendetsa galimoto tsikulo. Tengani lipoti lolembedwa tsiku lodzabweranso: ngati m'mimba munali moyera ndipo sanapeze kanthu, kawirikawiri ndi pakatha zaka 10, koma akadula tinyama nthawiyo imafupika. Mukayamba kutaya magazi ambiri, kutentha thupi kapena kumva m'mimba kupweteka kwambiri, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo.