Mmene ndinatsitsira nsambo za gitala yanga

Gitala yanga yotchipa inkandipweteka zala, chord (kulira kwa nsambo zingapo pamodzi) ya F osamveka ngakhale ndikanikize chotani. Kuika nsambo zopyapyala kunangothandiza pang'ono. Truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi la gitala chowongolera khosilo, sindinaikhudze, khosi linali lowongoka kale.

Vuto linali saddle, kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo kumunsi kuja. Nditayeza ndi rula pa fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), nsambo yaikulu ya E inali patali ndi fret mamilimita 3.5. Ndinamasula nsambo, kuzula kafupako, n'kulemba mzere ndi pensulo. Apa ndiye samalani: kuti nsambo itsike milimita 1 pa fret ya 12, kafupako mumapala mamilimita 2. Palani kunsi kokha, sandipepa atagona pagalasi kuti kasapendekeke, ndipo muzikabwezera n'kuyesa pafupipafupi. Mukapyola, nsambo zimakhula ma fret.

Panopa nsambo ya E ija ili pa mamilimita 2.5, F ikumveka bwinobwino. Ndinangogula sandipepa basi.