Momwe mungagulitsire kandeke kanu popanda kubisa za injini

Kuno kum'mawa kwa Zambia anthu okhala ndi ndeke zawozawo ndi owerengeka: alimi akuluakulu, eni malo ogona alendo ku Mfuwe, ndi amishoni ena. Zambiri ndi za injini imodzi, monga Cessna 172, 182 kapena 206. Wogula kandeke kotere amapereka moyo wake ndi wa banja lake kwa injini imodziyo, ndipo ikazima ali pamwamba pa chigwa cha Luangwa, pansi pamakhala tsanya lokhalokha. Cessna 172 ikazimitsa injini ili pa mamita 1,000 kuchokera pansi, imayandama mtunda wa makilomita pafupifupi 9 basi. N'chifukwa chake ntchito yonse yogulitsa iyenera kuyambira pa injini.

Choyamba sonkhanitsani mabuku. Pali logbook (buku lolembamo maola ouluka ndi zonse zokonzedwa) ya thupi la ndeke, ya injini ndi ya pulopela. Onjezani satifiketi ya kulembetsa, ija ya nambala yoyamba ndi 9J, ndi satifiketi yosonyeza kuti ndekeyo ndi yoyenera kuuluka, zonse zochokera ku Zambia Civil Aviation Authority. Ngati pali zaka zimene m'buku mulibe chilichonse cholembedwa, konzekani kufotokoza, chifukwa wogula wanzeru amayamba kufunsa pomwepo ndipo mtengo umatsika.

Kenaka werengani maola ndi zaka za injini. Injini za Lycoming O-320 ndi O-360 zimene zili mu Cessna 172 zambiri, opanga amati zimasulidwe ndi kukonzedwa zonse zikakwana maola 2,000 kapena zaka 12, chilichonse chimene chayamba kufika. Apa ndi pamene ogulitsa ambiri amadzinamiza. Munthu amanyadira kuti injini yake yangoyenda maola 600, koma osatchula kuti maolawo atenga zaka 20. Injini yongokhala imadwala kuposa yogwira ntchito. Chinyezi cha dzinja chimalowa, oyilo amatsetsereka n'kusiya zitsulo zouma, dzimbiri limagwira camshaft (chitsulo chotsegula mavavu a injini) ndi m'kati mwa masilinda. Kuiliza pansi kwa mphindi zochepa sikuthandiza, chifukwa oyilo satentha mokwanira kuti madzi atuluke.

Ndinazionera pafupi zimenezi pa famu ina, pamene kandeke kanakhala m'shedi chaka ndi miyezi. Kunja kanali kowala ngati katsopano. Injiniya anadula fyuluta ya oyilo, n'kutambasula pepala la m'katimo padzuwa, n'kupititsapo maginito. Maginitoyo inatuluka itamera ubweya wotuwa wa tizidutswa ta chitsulo. Mwiniwake anangoti kukamwa yasa, pakuti mmawa womwewo injini inali italira bwinobwino.

Choncho itanani injiniya wa ndeke wokhala ndi laisensi wogula asanabwere, kuti mudziwe nokha chimene mukugulitsa. Ayeze mphamvu ya silinda iliyonse. Amalowetsa mpweya wa 80 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya) n'kuona wotsala, ndipo amalemba manambala monga 74/80. Asuzumire m'masilinda ndi kakamera, adule fyuluta, atumize oyilo pang'ono kukayezedwa, aone ngati ma magneto awiri, zipangizo zopereka moto ku mapulagi, anayang'anidwa pa nthawi yake. Musaiwale zakwathu kuno: mavu omanga zisa za dothi amatseka timabowo topumira matanki a mafuta, mbalame zimamanga zisa pamwamba pa masilinda, makoswe amatafuna mawaya. Bowo lopumira likatsekeka, mafuta amasiya kutsika ndeke ili m'mwamba.

Za mafuta ndinenepo padera, chifukwa injini zambiri zimazima zili zabwinobwino, vuto lili mafuta: atha, kapena muli madzi. Avgas 100LL, petulo wa ndeke zotere, ndi wabuluu. Mukakhetsa pang'ono m'kabotolo pansi pa phiko, madzi amakhala pansi ngati timikanda toyera. Ngati mumathira kuchokera m'madiramu, kapena mphira wa pa zivindikiro za matanki wang'aluka ndipo ndeke imagona pamvula, muuzeni wogula, ndipo mphirayo musinthe.

Tsopano lembani zonse zimene mukudziwa, zabwino ndi zoipa, musanaike mtengo. Ngati pulopela inagundapo chulu kapena chitsa pa bwalo la udzu, nenani. Opanga injini amafuna kuti zikatero injini itsegulidwe ndi kuyezedwa, chifukwa crankshaft (chitsulo chimene chimazunguza pulopela) ikhoza kukhala ndi mng'alu wosaoneka umene udzathyoke patapita maola ambiri. Kubisa chimenechi ndi kuika munthu m'manja mwa imfa, ndipo ine sindiona ndalama imene ingalipire zimenezo. Mtengo muuike molingana ndi maola ndi zaka zotsala. Ngati injini yayandikira kumasulidwa, chotsani ndalama ya ntchitoyo.

Wogula akapezeka, mloleni abweretse injiniya wakewake, ndipo musakhumudwe akamafufuza. Ulendo woyesa muuchite mmawa, makamaka mu Okutobala. Bwalo la Chipata lili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja, ndipo masana kukatentha mpweya umapepuka, ndeke imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imakwera mwaulesi. Gwirizanani musanakwere kuti woyendetsa ndani, ndiponso funsani a inshuwalansi ngati akumuvomereza. Kwerani muzizungulira pafupi ndi bwalo, maso ali pa geji ya oyilo.

Pomaliza lembani pangano lotchula nambala ya ndeke, nambala ya injini, maola ake ndi zolakwika zonse zimene mwaulula. Makiyi ndi mabuku musapereke ndalama zisanaoneke mu akaunti yanu. Chithunzi cha risiti pa WhatsApp si ndalama. Mukatero dziwitsani a Civil Aviation Authority kuti dzina la mwini lisinthidwe. Ngati wogula ndi wa ku Lilongwe, ndekeyo iyenera kuchotsedwa kaye m'kaundula wa Zambia isanalandire nambala ya 7Q ya ku Malawi, ndiye yambani mapepalawo msanga.