Kukazizira, osangolumphira m'madzi otentha

Kunja kukazizira thupi limalakalaka madzi ofuka nthunzi, koma nthawi imeneyi ndi imene anthu amagwa m'bafa. Ine zinandichitikirapo: ndinadzuka mwachangu m'madzi, m'maso munachita mdima, ndinapulumukira kugwira khoma.

Chimachitika ndi ichi. Mukavula m'chipinda chozizira, mitsempha ya magazi imafinyika ndipo BP imakwera. Mukalowa m'madzi otentha kwambiri, mitsempha ija imatakasuka, BP n'kutsika. Ndiye mukaimirira msanga, magazi safika mokwanira kumutu. Munthu akakomoka m'bafa amatha kumira ngakhale madzi ali ochepa.

Tsopano ndimatere. Ndimatseka chitseko, nthunzi iyambe yafunditsa chipinda ndisanavule. Ndimayamba kuthira madzi ozizira, otentha pambuyo, n'kuyesa ndi chigongono, chifukwa dzanja lozizira limanama. Madzi asapitirire madigiri 41, ndipo mphindi 10 zakwana. Ndimanyowetsa mapazi ndi miyendo kaye, pachifuwa pomaliza. Potuluka ndimadzuka pang'onopang'ono nditagwira penapake.

Ngati mwamwa mowa, dikirani uthe m'thupi. Okalamba ndi odwala mtima asakhome chitseko, ndipo wina m'nyumbamo adziwe kuti akusamba. Odwala shuga amene mapazi awo anachita dzanzi asayese madzi ndi phazi, amapsa osamva.

Khanda madzi ake ndi madigiri 37 kapena 38 basi. Musalisiye lokha m'madzi, ngakhale foni ilire bwanji.