Momwe mungayesere fomu ya kafukufuku wa umoyo musanapite nayo kwa anthu

Fomu ya mafunso ikangomasuliridwa m'Chichewa, ambiri amathamangira kukaisindikiza, ndipo kafukufuku amayamba kupendekeka pomwepo. Titenge WHOQOL-BREF, fomu ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yoyezera mmene munthu akuuonera moyo wake. Ili ndi mafunso 26 okhudza magawo anayi: thupi, maganizo, ubale ndi anthu ena komanso malo okhala, ndipo yankho lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 5. Pemphani kaye chilolezo ku WHO, ndipo mufunse ngati ya Chichewa ilipo kale. Komiti yoona za kafukufuku, monga UNIMAREC ya ku University of Malawi kuno ku Zomba, nayonso iyenera kuvomereza.

Ngati mukumasulira nokha, anthu awiri amasulire aliyense payekha, kenako akhale pansi n'kugwirizana chimodzi. Wachitatu, amene sanaione ya Chingerezi, abwezere m'Chingerezi kuti muone pomwe tanthauzo lasokonekera.

Gawo lotsatirali ndiye lofunika kulifatsira. Pezani anthu pafupifupi khumi osiyana zochita: mayi wa geni mumsika wa Zomba, msodzi wa ku Kachulu, agogo a ku Domasi amene pakhomo pawo amayankhula Chiyao. Awerengereni funso limodzilimodzi. Musafunse kuti “Mwamva?” chifukwa munthu waulemu amangoti inde. Nenani kuti, “Agogo, tandiuzeni m'mawu anu, funsoli likufuna chiyani?” Funso limene anthu atatu alimva mosiyana likonzedwe ndi kuyesedwanso. Mayankho asanu aja amavuta kusunga m'mutu kwa munthu amene akungomvetsera, choncho jambulani makapu asanu, kuyambira lopanda kanthu mpaka lodzaza, iye aziloza. Funso la 21 ndi lokhudza za m'nyumba, kutanthauza zogonana. Pakhale poduka mphepo, ndipo mayi afunsidwe ndi mayi mnzake. Kupanda kutero ambiri alidumpha.

Mukatero, yesani fomuyo pa gulu lalikulu. Kawirikawiri timatenga anthu 5 mpaka 10 pa funso lililonse, ndiye kuti 130 mpaka 260. Polowetsa mu kompyuta, tembenuzani manambala a funso la 3, la 4 ndi la 26 (5 akhale 1, 4 akhale 2, choncho), chifukwa pamenepo 5 akutanthauza vuto lalikulu. Mukaiwala, mafunso abwinobwino aoneka ngati akutsutsana ndi anzake. Werengetsani Cronbach's alpha, nambala yosonyeza mmene mafunso a gawo limodzi akugwirizanirana, ya gawo lililonse palokha; 0.7 kapena kuposerapo ndi yovomerezeka. Gawo la ubale lili ndi mafunso atatu okha, kotero alpha yake imakonda kutsika. Musafulumire kuchotsa funso chifukwa cha zimenezo.

Pakatha pafupifupi milungu iwiri, bwererani kwa ena mwa anthu aja ndi fomu yomweyo kuti muone ngati ayankhanso chimodzimodzi. Yambani mwawafunsa ngati pakhomo pagwa maliro kapena matenda, ndipo oterowo muwawerengere padera, chifukwa chasintha ndi moyo wawo, osati fomu. Nyengo nayo muiganizire: munthu wofunsidwa mu Febuluwale nkhokwe ili mbee sayankha mofanana ndi mu Meyi atakolola.

Pomaliza, yerekezani odwala ogonekedwa pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi anthu a msinkhu womwewo amene ali bwino kumudzi. Pa gawo la thupi odwalawo ayenera kupeza manambala otsika. Ngati magulu awiriwa afanana, bwererani ku kamasuliridwe ndi kafunsidwe musanasindikize mafomu ambiri.