Kuchoka pa mageti a ku Ulongue kufika pa mapaipi a presha ku Alberta

Chibwerereni kuchokera ku Canada kudzaona amayi kuno ku Ulongue, tsiku silipita osabwera mnyamata atanyamula satifiketi yake ya zowotcherera m'jumbo. "Amalume, ndi iyi angandilembe ntchito kumeneko?" Zomwe ndimawayankha ndi zomwe ndikulemba pano, kuti zifikenso kwa anzanga a ku Moatize ndi ku Songo omwe sindikwanitsa kuwayendera.

Ntchito ndikunenayi ndi yowotcherera maboyila, matanki ndi mapaipi odutsa nthunzi, gasi kapena mafuta mwamphamvu. Geti ikamatuka mumangoiwotchereranso, koma paipi ya nthunzi ikaphulika pamagwa maliro. N'chifukwa chake ku Alberta, komwe ndimagwira, salola munthu kukhudza paipi yotere alibe chiphaso cha presha. Chomwe tonse timalimbira ndi cha Grade B, choperekedwa ndi ABSA, bungwe loyang'anira chitetezo cha maboyila ndi mapaipi a presha ku Alberta. Chigawo chilichonse cha Canada chili ndi malamulo ake. Ku British Columbia oyang'anira zimenezi ndi a Technical Safety BC. Ine ndikamba za komwe ndinadutsa.

Satifiketi yanu ya ku IFPELAC, bungwe la boma la Mozambique lophunzitsa ntchito zamanja, kapena ya ku Joni siikulowetsani m'chipinda cha mayeso a ABSA. Choyamba boma la Alberta likuvomerezeni kuti ndinu mmisiri wathunthu, amene iwo amati journeyperson. Kwa ife ophunzira kunja khomo lake ndi ndondomeko ya Trades Qualifier, ndipo chomwe amafuna ndi umboni woti mwagwiradi ntchitoyi zaka zinayi ndi theka, ndi maola ake owerengeka bwino.

Apa ndi pamene ndinavutika kwambiri, ndiye ndimvereni. Ndinagwira zaka ziwiri kwa kontilakita wina ku Moatize nthawi yomwe malasha anali pa moto, tikuwotcherera mapaipi a madzi mpaka usiku. Ntchito itachepa, kampaniyo inalongedza n'kupita. Pomwe ndinkafuna kalata, pamalopo panali patamera udzu, nambala ya foni siinkagwiranso. Zaka ziwirizo zikanapita m'madzi pakanapanda mkazi wanga, yemwe ankasunga marisiti anga onse a malipiro m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi pepala la ku INSS, bungwe la penshoni za ogwira ntchito, losonyeza miyezi yomwe ankandidula ndalama. Choncho inu amene muli pa ntchito lero, pemphani kalata mawa lomwe, bwana akadalipo. Ikhale pa pepala la kampani, ilembe tsiku loyamba ndi lomaliza, maola onse, njira zomwe munkawotcherera monga SMAW (ya maeletrodo, timitengo towotcherera tija) kapena TIG (ya gasi wa argon), komanso foni ya munthu amene angayankhe akamuimbira. Kalata yongoti "anali wolimbikira ntchito" ilibe phindu. Mapepala achipwitikizi onse amasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka.

Akakhutira ndi maolawo mumalemba mayeso a pa pepala, ndipo kuti mukhoze pamafunika 70 pa 100. Chimagwetsa ambiri a ife ndi chiyankhulo. Dzanja limadziwa, koma mutu unaphunzira m'Chipwitikizi ndi m'mamilimita, pomwe mafunso akubwera m'Chingerezi ndipo mapaipi amawatchula m'mainchi. Yambani lero kuloweza zizindikiro za pa pulani ndi tanthauzo la manambala a pa maeletrodo. Mukapezanso Red Seal, chidindo cha amisiri chovomerezeka m'dziko lonse, zigawo zina za Canada zimakulandirani.

Tsopano paipi. Amakupatsani zidutswa ziwiri za paipi ya mainchi 6, schedule 80, yochindikala pafupifupi mamilimita 11. Gawo lina mumawotcherera paipi itaimirira, ndiyo 2G, lotsalalo itagona ndi kumangidwa kuti isatembenuke, ndiyo 5G. Mzere woyamba wa mkati, womwe timati muzu, ndi wa eletrodo ya 6010, kudzazitsa ndi kutseka pamwamba ndi 7018.

6010 imeneyi ndiyo inandichititsa manyazi. Kuno tinakulira 6013 ya mageti ndi mawindo, yofatsa ngati phala, ndipo ku mgodi muzu tinkaika ndi TIG. 6010 ndi yaukali, imalavula moto ndipo imakumba chitsulo. Pakati pa zidutswa ziwirizo pamatseguka kabowo kakang'ono kutsogolo kwa eletrodo, ndipo maso anu asachoke pamenepo. Kakakula, mwabowola paipi. Kakatsekeka, moto sunalowe mkati, ndipo kunja kuoneka bwino pomwe mkati muli mpata. Khutu limathandizanso: zikamayenda bwino phokoso limamveka m'kati mwa paipi ngati mphepo yolowa m'botolo. Pansi penipeni pa 5G, khosi litapindika, zothetheka zikugwera m'kolala, ndi pamene ambiri amathamangira kuti athane nazo. Pomwepo ndi pofunika kudekha. Dziwaninso kuti timakina tambiri tating'ono togula pamsika sitiyatsa 6010 bwino, moto umangozimazima, ndiye pezani makina a DC amphamvu oyesererapo. 7018 nayo imadana ndi chinyontho. Ndi chifunga cha kuno ku Angónia, mukaisiya pabenchi usiku m'mawa ikupatsani timabowo ngati chisa cha njuchi. Isungeni mu uvuni wake.

Mukamaliza sakuyang'anani nkhope. Amadula timizere m'paipi yanuyo, n'kutipinda pa makina mpaka tikhale ngati chilembo cha U, tina kupindira ku muzu, tina kunja. Pakang'ambika malo opitirira mamilimita 3, mwalephera. Ine ulendo woyamba kamzere ka muzu kanatseguka ndikuona, pamalo enieni pomwe ndinasinthira eletrodo osapala ndi galayinda. Ndinayeserera miyezi itatu ndisanabwererenso.

Mukakhoza mumalandira satifiketi ndi khadi yosonyeza njira yomwe mwayesedwa. Khadiyo imatha pakapita zaka ziwiri, n'kuyesedwanso. Malamulo a ASME Section IX, omwe amatsatidwa poyesa owotcherera za presha, amanenanso kuti mukakhala miyezi isanu ndi umodzi osawotcherera ndi njira imeneyo, chilolezo chake chimagwa.

Chiphasochi si viza, zolowera m'dziko ndi nkhani ina ya ofesi ya zolowa ndi kutuluka. Munthu wa pa WhatsApp akakuuzani kuti tumizani mametikali akupezereni chiphaso cha Grade B chija muli ku Tete konkuno, ameneyo ndi wakuba, chifukwa mayesowo amafuna dzanja lanu pamaso pa woyesa.

Mnyamata wina wa ku Dómuè wabwera dzulo ndi zidutswa za paipi zomwe anatola kwa ogulitsa zitsulo zakale. Tazisongola m'mphepete, wawotcherera, tadula timizere tinayi n'kutipinda pa jeke ya lole. Tiwiri tapirira, tiwiri tang'ambika pa muzu. Ndamuuza abwerenso Loweruka ndi zidutswa zina, ndipo adzere kwa bwana wake akatenge kalata ija.